Shafiti ya Chiwongolero Ndinaisintha Ndekha

Ine ndinalumaza munthu. Sindinali nditamwa mowa, sindinkathamanga pamsewu, ndipo ku khoti anangoti inali ngozi ya galimoto yokalamba. Koma ine ndikudziwa kuti mayi uja ndinamulumaza masabata atatu ngoziyo isanachitike, tsiku limene ndinagona chagada pansi pa pikapu yanga ku Kuwadzana n'kusintha shafiti ya chiwongolero ndili ndekha, nditabweza pageti munthu amene anabwera kudzandithandiza. Inu owerenga, nkhaniyi ndaisunga mumtima nthawi yaitali. Ndikuilemba m'Chichewa chifukwa kuno ndilibenso woyankhula naye chinenerochi, komanso kuti mwina wina wa inu aime kaye asanachite zimene ndinachita ine.

Ndinabadwira ku Rugare, m'nyumba za anthu a njanji muno mu Harare. Bambo athu anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito ya njanji mpaka kukalamba. Tinabadwa amuna awiri, achimwene anga a Fanuwelo ndi ine wamng'ono. Achimwene anatsata bambo n'kukhala okonza zitsulo komweko ku njanji. Anali munthu woti akangomva chitsulo chikulira amakuuzani pamene chadyeka asanachione n'komwe. Sipanala yoyamba anandigwiritsa ndi iwowo. Ine ndinasankha kuyendetsa malole, ndipo ntchito imeneyo itatha ndinagula pikapu yakale yoyera. Ndi imeneyo ndinkanyamula azimayi a geni m'mawa uliwonse, kuwatenga ndi katundu wawo ku msika wa Mbare n'kubwera nawo ku Kuwadzana kumene amagulitsa.

Kusamvana kwathu kunayambira pamaliro a akazi anga, a Esinati. Anadwala miyezi yambiri akudandaula m'mimba, ine n'kumangoti ndi kutopa, amwe mapiritsi apume. Pamene ndinkapita nawo kuchipatala, matenda anali atafalikira kale. Tsiku loika maliro, titabwera kumanda, amuna tili pansi pa tenti, achimwene anayankhula anthu onse akumva.

"Mlamu wanga akanakhala ndi moyo ukanamumvera msanga. Vuto lako iwe umadikira chinthu chithyoke kaye."

Ndinadzuka n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sindinawayankhulenso kwa zaka zisanu. Anthu akandifunsa ndinkati anandinyoza pamaliro a mkazi wanga. Koma mumtima ndinkadziwa kuti sananame, ndipo n'chimene chinkandilepheretsa kuwakhululukira.

Zaka zisanuzo ndinadzitsekera ndekha. Ndinasiya tchalitchi cha ku Rugare kumene timaimba nyimbo za kwathu, kuopa kukumana nawo, n'kuyamba kupemphera pafupi pompano pamene zonse ndi Chishona. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Joni, wamwamuna ali ku Bulawayo, ndipo akaimba foni amayankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, pang'ono chabe, basi akuti ali pantchito. M'nyumba ya zipinda zinayi ndinkakhala m'chipinda chimodzi. Masiku ena ndinkadzipeza ndikuyankhula ndi pikapu ija poitsuka, ndikuifunsa ngati yatopa, ndikuikalipira ikakana kulira m'mawa nyengo yozizira. Munthu ukakhala wekha nthawi yaitali umayamba kuganiza kuti sufunanso aliyense, ndipo umanyadira nazo.

Vuto la chiwongolero linayamba pang'onopang'ono. Poyamba ndinkangomva kugogoda, gu gu, pansi pa mapazi anga ndikaponda dzenje. Kenako chiwongolero chinayamba kusewera: ndimachipotoza mpaka chikhatho chathunthu matayala asanayankhe. Pokhota, penapake chimalimba ngati wina wachigwira, kenako n'kumasuka mwadzidzidzi. Kwa inu amene simudziwa za galimoto, pakati pa chiwongolero chimene dalaivala amagwira ndi bokosi limene limatembenuza matayala pali chitsulo chachitali ngati mkono, chokhala ndi mfundo ziwiri zopindika. Chimenecho ndicho shafiti. Mfundozo zikadyeka, galimoto imachedwa kumva zimene manja akuiuza. Zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinayenda nayo choncho miyezi iwiri.

Amene anandichititsa manyazi ndi Mai Tendai, monga mmene anthu kuno ankawatchulira. Anali mayi wa Chishona wamasiye, wogulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno, ndipo anakwera pikapu yanga kuyambira chaka chimene ndinaigula. Ankakhala kutsogolo pambali panga. Ndiwo ankasonkhanitsa anzawo m'mawa, ndiwo ankandisungira nthochi ziwiri zakupsa, ndipo pamaliro a Esinati anaphika masiku atatu ngati wachibale. Ankanditchula Sekuru, ulemu wa Chishona wa munthu wamkulu. Tsiku lina titaponda dzenje anandiyang'ana n'kunena m'Chishona kuti, "Sekuru, galimoto yanuyi ikudwala. Ife tili ndi ana kunyumba." Anaseka ponena, koma maso awo sankaseka.

Lachisanu lotsatira ndinapita ku Mbare kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto ophwasula. Ndinapeza shafiti yabwino kwa a Saidi, Msilamu wachikulire amenenso makolo ake anachokera ku Malawi, yemwe ankatidziwa tonse awiri ndi achimwene kuyambira kale. Anaipinda mfundo zonse ziwiri ndikuona, zinali zolimba. Shafitiyo inalibe vuto lililonse, zimenezi ndinene poyera. Pondipatsa anati ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina agwire chiwongolero m'kati, wina alowe pansi, ndipo anandifunsa ngati ndiitane a Fanuwelo. Ndinawayankha kuti manja ndili nawo anga.

Loweruka m'mawa ndinayamba. Ndinaimika matayala mowongoka, ndinakweza kutsogolo ndi jeke, n'kuika njerwa. Popeza panalibe wogwira chiwongolero, ndinachimanga ndi chingwe ku mwendo wa mpando. Kuchotsa shafiti yakale sikunandivute kwenikweni. Ndinamasula bawuti ya pamwamba pansi pa chiwongolero, ndinalowa pansi n'kumasula ya m'munsi, ndinagogoda kangapo ndi hamala, inatuluka. Nditaigwira m'manja, mfundo ya m'munsi inkangogwedera ngati dzino loti lizuke. Ndinachita mantha poganiza kuti ndakhala ndikunyamula anthu ndi chinthu chimenechi.

Dzuwa litakwera ndinamva wina akugogoda pageti. Ndili pansi pa galimoto ndinaona nsapato kaye, zakuda, zopolishidwa bwino monga ankachitira bambo athu. Ndinatuluka ndi girizi m'manja. Anali achimwene. Tsitsi lonse linali litayera, anali ataonda, ndipo anapendekeka mbali imodzi chifukwa cha chikwama cha zitsulo chimene ananyamula. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, atakwera makombi awiri kuchokera ku Rugare ndi katundu wolemera choncho.

"Wadzuka bwanji, mphwanga?" anatero.

"Mukufuna chiyani?"

"A Saidi andiuza kuti wagula shafiti."

"Ndiye mwabwera kudzandiphunzitsanso pamaso pa anthu?"

Anaika chikwama pansi n'kupukuta thukuta. "Ayi. Ndabwera kudzagwira chiwongolero basi. Iwe uzipanga, ine ndizingogwira."

Inu owerenga, geti lija linalibe loko. Linali longokolowekedwa ndi waya. Ndikanangotambasula dzanja. Kwa nthawi yaitali ndinali ndisanamve munthu akunditchula kuti mphwanga. Koma mwa ine munali munthu wina amene anadikira zaka zisanu kuti tsiku lina adzawaone ataima panja akupempha. Ndi ameneyo anayankha. Ndinawauza kuti ntchito ndatsala pang'ono kumaliza, ndipo kuti anthu amene amadikira zinthu zithyoke safuna thandizo la anthu anzeru.

Anaima pamenepo akuyang'ana shafiti yatsopano imene ndinaigoneka pa thumba pafupi ndi tayala. Kenako anayankhula motsitsa mawu, ngati akuyankhula ndi chitsulocho.

"Utsuke timano ta m'munsi ndi burashi ya waya usanailowetse. Ilowe mpaka uone kampata pabowo. Bawuti ikakana usaikakamize, ndiye kuti shafiti sinakhale."

Ndinawafulatira n'kulowanso pansi pa galimoto. Ndinaona nsapato zija zitaima kanthawi ndithu, kenako chikwama chinanyamuka, nsapato zinatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono kulowera kokwerera makombi.

Ndifotokoze bwino zimene ankatanthauza, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Pabokosi lotembenuza matayala pamatuluka kamutu kachitsulo kokhala ndi timano kuzungulira. Kumapeto kwa shafiti kuli ngati kamwa imene imameza kamutuko. Pakamutuko pali kampata kozokotedwa, ndipo bawuti yomangira imayenera kudutsa m'kampatako. Ikadutsa mmenemo, shafiti singavuke ngakhale bawutiyo itamasukako pang'ono. Ikapanda kudutsa mmenemo, chogwira shafitiyo ndi kufinya kokha, ndipo kufinya kumatha ndi maenje a m'misewu yathu.

Timano tija tinali ndi dzimbiri ndi dothi louma. Burashi ya waya ndinali nayo m'nyumba, koma sindinakaitenge, chifukwa choti ananena ndi iwowo. Ndinangopukuta ndi sanza, ndinapaka girizi, n'kukankha. Shafiti inalowa theka n'kuima. Kuti ilowe bwino pankafunika wina m'kati woti azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono ine ndikukankha pansi. Ndinayesa kuchita ziwiri zonsezo ndekha, kutuluka, kukwera m'kati, kugwedeza, kutsika, kulowanso pansi, mwina kasanu ndi kawiri. Msana unayamba kuwawa, dothi linkandigwera m'maso. Anthu ankadutsa pamsewu akupita kumashopu, ena akuseka, wailesi ya aneba ikuimba, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndikanatha kumuitana dzina. Ndinagogoda ndi hamala, inalowako pang'ono. Nditasuzumira pabowo, kampata kankaoneka m'mphepete chabe. Bawuti yake inakana kulowa.

Ndinapita kukatenga chitini chimene ndimasungiramo mabawuti akale. Ndinasankha yocheperapo thupi. Imeneyo inalowa mosavuta, ikudutsa m'mphepete mwa kampata osakhala m'kati mwake. Ndinamanga nati ndi mphamvu zanga zonse. Ndikumanga ndinkadziwa chimene ndikuchita. Sindinganene kuti ndinalakwitsa mosadziwa. Ndinadziuza kuti ndi za lero lokha, Loweruka likubwerali ndidzamasula n'kukonza bwinobwino.

Nditatsitsa jeke ndinaiyesa kuzungulira mzere wa nyumba zathu. Chiwongolero chinali chokoma ngati cha galimoto yatsopano, chopanda kugogoda, chopanda kusewera. Lolemba Mai Tendai anaomba m'manja n'kuuza anzawo kuti Sekuru aichiritsa. Ndinamva bwino kwambiri. Ndinkalakalaka achimwene atamva kuti ndakwanitsa popanda iwo. Loweruka lija litafika ndinapeza ulendo wonyamula mipando ya ukwati. Lotsatira kunagwa mvula. Loweruka lachitatu sindinakumbukire n'komwe.

Ngozi inachitika Lachiwiri, cha m'ma eyiti m'mawa, kunja kukuwala bwinobwino. Ndinali ndi azimayi asanu ndi mabokosi a tomato, kabichi ndi matumba a mbatata. Tsiku limenelo Mai Tendai sanakhale kutsogolo. Anapereka malo awo kwa mtsikana wina woyembekezera amene anali atangoyamba geni, iwo n'kukwera kumbuyo pamwamba pa katundu. Tikuchoka mumsewu wa ku Bulawayo kuti tikhotere ku Kuwadzana, ndinachepetsa liwiro monga mwa masiku onse, tayala linaponda dzenje, ndipo ndinamva kanthu kakuti kho pansi pa mapazi. Ndinapotoza chiwongolero. Chinangozungulira m'manja mwanga chopepuka, chopanda chogwira. Galimoto inapitirira molunjika.

Ndinaponda mabuleki, koma ngalande inali pafupi. Tayala la kumanzere linagwera mmenemo, pikapu inapendekeka n'kugwa chammbali. Ndikukumbukira tomato akugubuduzika pamsewu wonse, ndi kulira kwa azimayi. Mtsikana woyembekezera uja anatuluka bwinobwino, ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Atatu ena anasupuka ndi kutupa. Mai Tendai anagwera m'ngalande, ndipo m'mphepete mwa bodi ya galimoto munawapanikiza m'chiuno. Amuna amene anathamangira pamalopo ananyamula galimotoyo ndi manja. Ine ndinali nditathyoka nthiti ndi fupa la paphewa, ndinangokhala pansi m'mbali mwa msewu ndikuonerera. Sankalira mayi aja. Ankangofunsa kuti ndani akauze ana awo.

Kuchipatala apolisi anabwera kudzandifunsa. Ndinawauza kuti chiwongolero chinasiya kugwira, zimene zinali zoona. Atandifunsa amene anakonza galimotoyo komaliza, ndinati makaniko wina wa m'mbali mwa msewu amene sindikumukumbukira dzina. Analemba. Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa nalo ndekha.

Tsiku lachitatu ndili m'chipatala, masana nthawi yoona odwala, ndinaona achimwene akulowa m'wodi akuyang'ana bedi ndi bedi. Ndinatembenukira kukhoma n'kutseka maso. Anakoka mpando n'kukhala. Kenako anayankhula.

"Ndikudziwa uli maso, mphwanga. Galimoto ndakaiona kumene aisunga. Bawuti ija ndaiona. Sindinauze munthu, ndipo sindiuza munthu. Koma mayi uja ali m'wodi ya pansipa, akuti sadzayendanso ngati kale. Ukamuuze wekha."

Anandigwira phazi pamwamba pa bulangete, anapemphera mwachidule, n'kunyamuka. Sindinatembenuke. Ulendo uno sikunali kukwiya, anali manyazi. Ndinadziuza kuti ndikachira, ndikatha za kukhoti, ndidzapita ku Rugare ndikakhale nawo pansi ngati anthu.

Khoti linandilanda laisensi ndi kundilipiritsa chindapusa. Pikapu ndinaigulitsa kwa ophwasula. Azimayi a geni anapeza galimoto ina, ndipo tikakumana pamsewu ankandipatsa moni wachisoni, kundiona ngati mnzawo watsoka. Chisoni chawocho chinkandiwawa kuposa kutukwanidwa, moti ndinasiya kudutsa kumsika. Masiku anga anakhala odzuka, kusesa pabwalo pamene pankaima galimoto, kukhala pakhonde, kulowa. Ulendo wa ku Rugare ndinkangouimika, lero nthiti zikuwawa, mawa sindinakonze mawu oti ndikanene.

Patatha miyezi inayi, alamu anga, akazi a achimwene, anaimba foni m'mawa kuti achimwene agwa kubafa, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Pamaliro ndinakhala kumbuyo pakati pa anthu osawadziwa, m'nyumba imene ndinabadwiramo. Titaika, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanandikalipire. Anandiuza kuti Loweruka lija achimwene sanabwere chifukwa cha shafiti yokha. Kwa zaka ankafuna kudzapepesa mawu aja a pamaliro a Esinati, koma ankasowa poyambira. Atamva kwa a Saidi za galimoto anasangalala ngati mwana, anati tsopano wapezeka poyambira, munthu umapepesa bwino manja ali pantchito. Atabwerako tsikulo anangoika chikwama kuseri kwa chitseko, sanadye, ndipo sananene choipa chilichonse cha ine.

Ndinabwerera ku Kuwadzana pa kombi yodzaza, anthu akukambirana za mpira, ine misozi ikutsika, ndipo palibe anafunsa.

Chimene chinatsala ndi mawu awo akuti ukamuuze wekha. Zinanditengera chaka china chathunthu. Mai Tendai anali atataya malo awo ogulitsira, chipinda chimene ankakhala anachisiya, ndipo anasamukira kwa mng'ono wawo ku Hopley, kum'mwera kwa mzindawu. Ndinafunsira njira kwa mmodzi wa azimayi aja n'kupita. Ndinayenda m'fumbi pakati pa tinyumba ta njerwa ndi ta matabwa, ndikudutsa mizere ya zidebe pachitsime, mpaka ndinawapeza atakhala pampando panja, ndodo ziwiri zoyendera zitatsamira kukhoma, akusenda mtedza m'lichero. Mayi amene ankanyamula bokosi la tomato pamutu akuthamangira galimoto anali atachepa thupi moti ndinawazindikira ndi mawu.

Anandilandira ndi chimwemwe. Anaitana mng'ono wawo kuti andipatse mpando ndi madzi. Anandifunsa za phewa langa, anandipepesa za maliro a achimwene. Kenako anati ndisamadziimbe mlandu, vuto ndi misewu yathuyi ndi amakaniko achinyengo, ndipo anati amandipempherera chifukwa nanenso ndinataya zonse tsiku limodzi.

Ndikanatha kuvomera n'kumwa madzi aja n'kubwerera. Koma ndinaika kapu pansi n'kuwauza zonse m'Chishona changa cha ukalamba. Ndinawauza kuti kunalibe makaniko, ndinali ine. Ndinawauza za achimwene pageti, za burashi imene sindinakaitenge, za bawuti yocheperapo. Manja awo anasiya kusenda. Nkhuku inayamba kudya mtedza wa m'lichero iwo osaiingitsa.

"Sekuru," anatero potsiriza, "masabata atatu aja, m'mawa uliwonse ine ndikukwera, ndikuitana anzanga kuti bwerani galimoto yachira, inu mumadziwa?"

"Ndinkadziwa, mayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anati mwana wawo wamkulu anasiya sukulu kuti aziwasambitsa ndi kuwanyamula. Anati miyezi yonseyi ankakwiyira munthu wopanda nkhope, makaniko uja, ndipo zinali zopepukirapo choncho.

"Mwachita bwino kunena," anatero. "Koma pitani. Mwina tsiku lina ndidzatha kukuyang'anani. Lero ayi."

Ndapitakonso kangapo chichokereni tsiku limenelo, nditanyamula ufa ndi mafuta ophikira. Mng'ono wawo amandilandirira pakhomo, amalandira thumba ndi manja awiri, n'kundiuza kuti akulu ake akupuma. Sindidandaula. Alibe chifukwa chondikhululukira, ndipo sindinapite kukanena zoona kuti andipepuze mtima.

Inu owerenga amene mumayendetsa galimoto, makamaka amene mumanyamula anthu, mverani ine. Chiwongolero chikayamba kusewera kapena kugogoda, imikani galimoto tsiku lomwelo, musadikire kuti mupeze mpata. Posintha shafiti pezani munthu wachiwiri, ndipo ngati simukuidziwa bwino ntchitoyo pitani kwa woidziwa. Tsukani timano. Bawuti ikakana, ikukuuzani kanthu, musaisinthe ndi ina yomvera. Ndipo musadzinamize kuti mudzakonza Loweruka, chifukwa galimoto ikayamba kuyenda bwino mtima umaiwala. Anthu amene akwera kumbuyo kwanu sanaone zimene munachita pansi pa galimoto, amangokukhulupirirani.

Koma ambiri a inu mulibe galimoto, ndipo chimene ndikufuna mutenge ndi ichi. Ngati muli ndi m'bale amene munasiya kuyankhulana naye, dzifunseni moona mtima ngati munakwiya chifukwa anakunamizirani kapena chifukwa ananena zoona pa nthawi yowawa. Akuluakulu athu ambiri sadziwa kunena kuti pepa. Amabwera ndi chifukwa china, kudzaona denga lodontha, kudzafunsa za mbewu, kudzakupatsani nambala ya dokotala. Muzimva chimene chili kuseri kwake. Ine ndinkaganiza kuti mkwiyo wanga ndi nkhani ya anthu awiri, ine ndi achimwene, koma amene anaulipira ndi mayi wamasiye amene sanatilakwire kanthu, pamodzi ndi mwana wake amene anasiya sukulu. Mukamaliza kuwerenga, musayambe mwakonza mawu abwino oti mukanene. Ine ndinawakonza kwa miyezi inayi, anali mawu abwino ndithu, ndipo ndinakawanenera pamanda.